Bala Litapola

Mayi akachitidwa opareshoni ya khansa ya m'mawere n'kutuluka m'chipatala akuyenda ndi miyendo yake, pakhomo pamagwa chimwemwe chimene sindingachinyoze. Banja limakhala litagona ndi mantha kwa miyezi, ena atayamba kale kunong'onezana kuseri, ndiye akamuona atakhala pamkeka akumwa phala, misozi imangotsika yokha. Odzazonda amabwera ndi shuga, sopo, ena nkhuku, ndipo onse mawu awo ndi amodzi: "Mulungu ndi wamkulu, chachoka." M'masabata omwewo, nyumba ikadali yodzaza ndi nyimbo zothokoza, m'pamene pamagamulidwa nkhani yolemera kuposa opareshoniyo: kodi mayiyu abwerere kuchipatala kukalandira chithandizo chotsatira, ndipo akachiyamba achimalize? Pakhomo pathu ku Area 25 nkhaniyi inagamulidwa ndi anthu achikondi, ofuna zabwino zokhazokha, ndipo inagamulidwa molakwika.

Anali alamu anga, akazi a achimwene anga aakulu. Dzina lawo ndilisunga chifukwa cha ana amene anasiya. Ankagulitsa kaunjika pamsika wa Nsungwi, ali ndi zaka za m'ma 40, munthu wa mafupa olimba, wotha kukweza belo pa kabaza popanda womugwirira. Kachotupa anakamva posamba, m'bere lakumanzere, kolimba koma kosapweteka, ndipo kusapwetekako n'kumene kunawachedwetsa miyezi ingapo. Atapita pachipatala chathu cha Area 25 anawatumiza ku Central, kumene anadula kachidutswa ka chotupacho kuti akakayeze. Apa tinali ndi mwayi umene amayi athu analibe. Kuyambira 2011 pa Kamuzu Central Hospital pali labu yoyeza zotupa, imene inakhazikitsidwa mogwirizana ndi a UNC Project, pomwe kale tizidutswa totere tinkayenda ulendo wa ku Blantyre ndipo zotsatira zinkachedwa kwambiri. Za alamu zinabwera, ndipo zinati ndi khansa.

Opareshoni inachitika kumayambiriro kwa 2022. Anachotsa bere lonse pamodzi ndi timwanabere ta m'khwapa. Bala linapola bwino, ulusi unachotsedwa, mkono unayamba kukwezeka pang'onopang'ono. Tsiku lokamva zotsatira za zimene anachotsazo achimwene anali kuntchito ku Kanengo, choncho gadiyani ndinali ine.

Adokotala anali mayi wachitsikana, wooneka kutopa koma wodekha. Anatenga pepala n'kujambulapo bere, ndi timadontho m'khwapa.

"Mayi," anatero, "chotupa tachotsa chonse, ndipo m'mphepete mwa pamene tinadula simunapezeke khansa. Imeneyo ndi nkhani yabwino. Koma mwa timwanabere tija, tina tapezeka ndi khansa. Ndiye kuti matendawa anali atayamba kale kuyenda."

Anafotokoza kuti pakufunika kemo, mankhwala a khansa olowera m'diripi, maulendo 6, kamodzi pa masabata atatu aliwonse, kenako mapiritsi a tamoxifen tsiku ndi tsiku kwa zaka zosachepera 5, chifukwa chotupa chawo chinali cha mtundu umene umakula ndi mahomoni achikazi. Anatchulanso radiotherapy, imene ambiri amangoti kuwotcha, koma nthawi imeneyo m'Malawi monse munalibe makina ake. Ofunika chithandizochi ankadikira mwayi wopita ku India, ku Tanzania kapena ku Lusaka, ndipo ambiri mwayiwo sunkawafika.

Alamu anamvetsera mpaka kumapeto, dzanja lili pachifuwa pamene panali bala. Kenako anafunsa funso limene ndikukhulupirira kuti mayi aliyense amakhala nalo mumtima, ngakhale ambiri salitulutsa.

"Adokotala, ngati mwachotsa chonse, nanga mankhwalawo akukapha chiyani?"

Amene analimapo chimanga m'munda wa kaufiti yankho ali nalo kale. Ukhoza kuzula yense amene ukumuona, munda n'kuyera, koma njere zake zili kale m'nthaka, zazing'ono kwambiri moti sungazitole, ndipo zimatha kugona zaka zambiri zisanamere. Maselo a khansa amachoka pachotupa munthu asanaganize n'komwe za fiyeta. Amadutsa m'timitsempha topita ku timwanabere ndi m'magazi, n'kukabisala m'mafupa, m'mapapo kapena m'chiwindi. Akadali ochepa chonchi palibe sikani imene ingawaone, munthu samva kalikonse, ndipo mpeni wa dokotala sungawafike. Koma nthawi imeneyi, ali ochepa, ndi yokhayo imene mankhwala angawamalize. Akachulukana mpaka kuyamba kupweteketsa msana, mankhwala omwewo amangowachepetsa liwiro.

Madokotala enieniwo anatenga nthawi yaitali kuti avomereze zimenezi. Mu 1894 William Halsted wa ku Baltimore anafalitsa njira yake yochotsa bere pamodzi ndi minofu ya pachifuwa ndi zonse za m'khwapa, pokhulupirira kuti ukadula mozama ndi motambalala khansa sibwerera. Kwa zaka pafupifupi 80 amayi ankadulidwa choncho, koma ambiri ankamwalirabe ndi khansa imene inkatulukira kwina. Bernard Fisher wa ku Pittsburgh ndi amene analimbikira kunena kuti pofika tsiku la opareshoni, mwa amayi ambiri matendawa amakhala atamwazika kale, ndiye kukulitsa bala sikupulumutsa munthu. Mu 1976 Gianni Bonadonna wa ku Milan anabweretsa manambala. Anatsata amayi amene khansa inali itafika m'khwapa, monga mmene zinalili ndi alamu. Patangopita zaka ziwiri ndi miyezi yochepa, mwa amene anangochitidwa opareshoni yokha matenda anali atabwerera kwa 24 pa 100 aliwonse, pomwe mwa amene analandiranso kemo anali 5 okha pa 100. Mu 1981 iye ndi mnzake Pinuccia Valagussa anaonanso china: phindu lalikulu linali kwa amene analandira pafupifupi mlingo wonse wa mankhwala, ndipo amene analandira wosafika magawo 65 pa 100 zinawayendera pafupifupi chimodzimodzi ndi amene sanalandire n'komwe. Mankhwala a lero ndi ena, amphamvu kuposa aja, koma mfundoyo sinasinthe. Kemo yolekezera panjira imakusiya ndi kuvutika kwake konse, chitetezo chake n'kukupatsa chochepa kwambiri.

Alamu anavomera. Ulendo woyamba ndinawaperekeza. M'chipinda cha kemo anthu amakhala moyandikana, aliyense ndi diripi yake, ena akucheza, ena atatsinzina. Ena mwa mankhwala amene anawapatsa anali ofiira, otchedwa doxorubicin, ndipo anesi anawachenjeza kuti mkodzo ukhala wofiira tsiku limodzi kapena awiri, asadzidzimuke. Tsiku limenelo anabwerera kunyumba akuseka. Mawa lake nseru inayamba. Fungo la mafuta ophikira, utsi wa mbaula, ngakhale sopo amene ankamukonda, zonse zinkawadzutsira kusanza. Ankangomwa thobwa pang'ono ndi madzi a mandimu. Sabata yachitatu isanathe, akupesa pakhonde, tsitsi linatsalira m'chipeso, lambiri, ndipo mwana wawo wamng'ono amene ankasewera pafupi anayamba kulira. Anamutonthoza, anamanga duku, koma usiku umenewo achimwene anawamva akulira okha. Ulendo wachiwiri unawagwetsa kuposa woyamba. Zikhadabo zinada, m'kamwa munatuluka zilonda, thupi linatsika.

Chithandizo m'chipatala cha boma n'chaulere, koma kudwala kumadya ndalama. Kuchoka ku 25 kukafika ku Central pamafunika minibasi ndi kabaza, anthu awiri, kupita ndi kubwera. Ndipo si tsiku la diripi lokha: pali kuyezetsa magazi, ndipo akapezeka otsika umabwezedwa kuti udzabwere sabata yamawa. Benchi ya kumsika inatsala m'manja mwa mtsikana wosadziwa kunenerera. Mu May 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, mtengo wa belo unakwera, mpamba unayamba kudyeka, ndipo ku banki m'khonde ngongole inali kudikira.

M'pamene kunabwera akuchikazi, amayi awo ndi amalume awo, eni mbumba. Anali atamva kuti mwana wawo akutha. Tinakhala pabalaza, alamu ali pamkeka atatsamira khoma. Amalume anawayang'ana nthawi yaitali, kenako anatembenukira kwa achimwene.

"Apongozi, ife tinabwera kuno mwana wathu atangotuluka m'chipatala. Anali kudya, anali kuseka, anatiperekeza mpaka pamsewu. Lero taonani. Tiuzeni, akudwala matenda kapena akudwala mankhwala?"

Achimwene anangowerama. Ndikudziwa chimene chinawatseka pakamwa, ndipo mwamuna aliyense wokwatira kwathu kuno akuchidziwa: ukaumirira kuti mkazi apitirize mankhwala akuchikazi atakana, iye n'kumwalira, mlandu wake sudzakuchoka mpaka kalekale. Ndinapempha kuyankhula.

"Amalume, pepani, ine ndinalipo pamene adokotala ankafotokoza. Kufooka kumeneku ananeneratu, ndipo anati kudzatha. Chimene mankhwalawa akusaka sichioneka ndi maso."

Anandimvetsera mwaulemu mpaka ndinamaliza.

"Mayi, mwayankhula bwino. Koma inu ndinu akuchimuna. Zikavuta, mudzatiuza chiyani?"

Amayi awo anawonjezera za mayi wina wa kumudzi kwawo amene anapita ku kemo akuyenda n'kubwerako m'bokosi. Alamu eni ake, otopa ndi kusanza, ananena motsitsa mawu kuti nawonso sakufunanso. Nkhani inathera pomwepo.

Amalume aja sindiwaona ngati munthu woipa kapena wopanda nzeru. Zimene anaona ndi maso awo zinali zoona: munthu anali bwino, analandira mankhwala, anafooka. Chimene chinalakwika n'chakuti amene anali ndi mphamvu yogamula sanalowe m'chipinda cha adokotala, ndipo amene analowamo analibe mphamvu yogamula. Pepala lija la timadontho ta m'khwapa amalume sanalione. Akanaliona, akanafunsa okha funso lawo lija kwa munthu wotha kuliyankha, ndipo ndikukhulupirira kuti iwo omwewo ndi amene akanati, "Mwana wanga, limba mtima, umalize."

Nkhani ya mayi wobwerako m'bokosi ija ilinso ndi chifukwa chake, ndipo pafupifupi banja lililonse lili ndi yakeyake. Amayi ambiri m'dziko muno amafika kuchipatala khansa itapita kale patali, bere litaphulika chilonda, matenda ali m'mafupa. Kemo imene amapatsidwa pamenepo ndi yochepetsa ululu ndi kutalikitsako masiku. Akamwalira, achibale amakumbukira diripi, chifukwa ndiyo inabwera pomaliza, n'kuiwala miyezi yonse imene chotupa chinkakula pakhomo. Komanso tisabise, kemo ili ndi zoopsa zake zenizeni. Imatsitsa asilikali a m'magazi, makamaka pakati pa tsiku la 7 ndi la 14 chilandirireni, ndipo munthu wa pa kemo akatentha thupi kufika madigiri 38 si wompatsa panado n'kudikira kuche. Ameneyo ndi wothamangira naye kuchipatala usiku womwewo. Ena amene timati anafa ndi kemo, chinawatenga ndi kudikira kumeneku.

Pamalo pa kemo sipanakhale popanda kanthu. Mayi wina wa m'dera lathu anabweretsa mabotolo ochokera kunja, akuti achilengedwe, otsuka magazi ndi kupha zoipa zonse za m'thupi. Mtengo wa botolo limodzi unkaposa thiransipoti ya maulendo onse amene anatsala, koma ndalama yake inapezeka, chifukwa aliyense anali wokonzeka kusonkha pa chinthu chosasanzitsa. Kunabweranso masamba owiritsa, ndi mapemphero a usiku kwa mneneri wina amene analengeza kuti matenda atha, n'kunena kuti kubwerera kuchipatala n'kukayikira Mulungu. Ine ndine wopemphera, ndipo mawu amenewo amandipweteka mpaka lero. Abusa a mpingo wathu atamva anabwera okha kudzawachonderera alamu kuti apitirize kupemphera ali pamzere wa kuchipatala, koma munthu wotopa amamvera amene akumuuza kuti zatha. Mu 2018 ofufuza a ku Yale ku America anafalitsa zimene anapeza poyerekeza odwala khansa amene anasankha mankhwala oterewa okha ndi amene analandira chithandizo cha kuchipatala. Pa khansa ya m'mawere, chiopsezo cha imfa cha oyambawo chinali choposa kasanu.

Anesi anaimba foni kangapo tsiku la ulendo wachitatu litadutsa. Alamu ankangoiyang'ana ikulira mpaka kuduka.

Tsono chimene chimapusitsa kwambiri ndi ichi: m'maso mwa aliyense, alamu anachira. Nseru inatha, nsima inayamba kulowa, zikhadabo zinayera, tsitsi linamera lofewa, lakuda bii. Anabwerera pa benchi yawo, anabweza ngongole ya ku banki m'khonde, ankaika kansalu kofewa m'kamisolo pamalo pa bere, ndipo wosadziwa sakanaganizira kanthu. Chaka chathunthu chinadutsa chonchi. Anthu ankati, "Mwaona? Akanapitiriza zija bwenzi titaika kale." Mayi wa mabotolo uja anapeza makasitomala atsopano potchula dzina lawo. Koma aliyense wosiya kemo amamva bwino pakapita masabata ochepa, kaya khansa yatha kaya ilipo. Kunenepa ndi kumera tsitsi kumangosonyeza kuti mankhwala atuluka m'thupi. Za zimene zili m'mafupa sikunena kanthu.

Chimene chimandiwawa koposa zonse ndi tamoxifen. Ndi kapiritsi kamodzi patsiku, kosathothola tsitsi, kosafuna diripi, kamene kakhala kakugwiritsidwa ntchito kuyambira m'ma 1970. Ntchito yake ndi kutseka njira imene mahomoni achikazi amadyetsera maselo a khansa. Ofufuza a ku Oxford ataphatikiza zotsatira za amayi zikwizikwi, anafalitsa mu 2011 kuti kwa amene khansa yawo ndi yomvera mahomoni, kumwa tamoxifen zaka 5 kumachepetsa imfa za matendawa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo phinduli limapitirira mpaka zaka 15. Kali ndi zovuta zake, monga kumva kutentha kobwera mwadzidzidzi ndi kusokonekera kwa msambo, ndipo woona magazi osayembekezereka kapena kutupa mwendo umodzi ayenera kukanena msanga. Si komwa munthu ali ndi pakati kapena akufuna kutenga pakati. Koma poyerekeza ndi zimene alamu anali atapirira kale, zimenezi zinali zazing'ono. Sanakamwe chifukwa chimodzi chokha: kanali kudzayamba kemo ikatha, ndipo iwo sanabwererenso. Akanangopita n'kukanena kuti, "Adokotala, ndalephera," panali zambiri zochita. Mankhwala a nseru amasinthidwa, ulendo umatha kusunthidwa ndi sabata imodzi kuti thupi lipume, mlingo umatha kuunikidwanso, ndipo ngakhale munthu atakaniratu diripi, mapiritsi akanayamba. Manyazi ndi mantha oti akakalipidwa anawatsekera zonsezi.

Chakumapeto kwa 2023 msana unayamba kuwawa. Tonse tinati ndi mabelo. Anagula mapiritsi a pagolosale, anathowa ndi madzi otentha, anapaka zopakapaka. Ululu unkakula usiku. Kenako kunabwera chifuwa chouma chosamva mankhwala, ndipo tsiku lina anandiitanira kuchipinda n'kundionetsa timatuza tolimba titatu pa chipsera. Tinabwerera ku Central. Palibe amene anawakalipira. Anawajambula, anawayeza magazi, ndipo adokotala anatikhazika pansi n'kutiuza mosabisa kuti khansa ili m'mafupa a msana ndi m'mapapo, kuti tsopano chithandizo chilipo chochepetsa ululu ndi kuwonjezera masiku, koma chochiritsa palibe. Ulendo uno amalume analipo m'chipindamo. Sanayankhule. Potuluka anagwira khoma.

Alamu analandira zonse zimene anapatsidwa, kemo yomwe ija anaithawa, mapiritsi aja, ndiponso morphine wakumwa amene anawathandiza kugona. Madzulo ena ndikuwasisita miyendo anati, "Alamu, anatsala maulendo anayi okha. Anayi." Anamwalira m'nyengo yozizira ya 2024.

Sindingalumbire kuti akanamaliza bwenzi ali moyo. Palibe dokotala woona amene angalonjeze zimenezo. Blandina Khondowe, amene anali Miss Malawi mu 2002 ndipo anayambitsa Think Pink Malawi, anakalandira chithandizo ku India, anakhala zaka akudzutsa dziko pa nkhani ya khansa ya m'mawere ndi kupempha kuti chithandizo chizipezeka konkuno, komabe matendawa anamutenga mu November 2020. Chithandizo chotsatira opareshoni chimakweza mwayi, ndipo chimaukweza kwambiri, koma sichipereka chitsimikizo. Chimene ndikudziwa n'chakuti alamu anali m'gulu la amayi amene madokotala amalimbana nawo n'cholinga chochiritsiratu, ndipo mwayi umenewo unatayika pabalaza masana amodzi.

Si iwo okha. Kafukufuku wa ABC-DO, amene anatsata amayi a ku Namibia, Nigeria, South Africa, Uganda ndi Zambia ndipo anafalitsidwa mu 2020, anapeza kuti patapita zaka 3 chipezekereni ndi khansa ya m'mawere, theka lokha ndi limene linali moyo. Ku Zambia, kwa anansi athu, anali 47 pa 100. Kufika mochedwa ndi chifukwa chachikulu, koma kusalandira chithandizo chokwanira kulinso pomwepo. N'chifukwa chake bungwe la WHO, pokhazikitsa ndondomeko yake ya khansa ya m'mawere mu 2021, linaika pakati pa zolinga zake zitatu chakuti odwala 80 pa 100 aliwonse azimaliza chithandizo chonse osalekezera panjira. Timalalikira kwambiri za kudziyeza mawere ndi kupita msanga kuchipatala, ndipo n'zoyenera, koma za miyezi yotsatira opareshoni sitikamba mokwanira.

Zinthu zasinthako chidwalireni alamu. Mu 2024 ku Blantyre kunatsegulidwa International Blantyre Cancer Centre, chipatala choyima pachokha chimene chinabweretsa makina a radiotherapy m'dziko muno, ndipo mu 2025 National Cancer Centre ya boma, pa Kamuzu Central Hospital pomwepa, inatsegulira chithandizochi anthu wamba mothandizidwa ndi bungwe la IAEA. Kwa ife a ku 25 chimene chinali ulendo wa ndege tsopano ndi ulendo wa minibasi. Palibe moto umene umayatsidwa. Munthu amagona pa makina kwa mphindi zochepa, samva kupweteka nthawi imeneyo, ndipo chimene chimabwera pambuyo ndi kutopa ndi kuda kapena kunyerenyetsa kwa khungu pamalopo. Koma ndi ulendo wa tsiku ndi tsiku, Lolemba mpaka Lachisanu, kwa masabata atatu mpaka asanu, ndipo kudumphadumpha masiku kumachepetsa mphamvu yake. Apa ndi pamene ndikuopa kuti amayi ena adzagwera, chifukwa cha thiransipoti. Ife a Chigwirizano, a Mvano, a banki m'khonde, ndalama ya bokosi ndi ya ufa wa pamaliro timaisonkha tsiku limodzi. Ya minibasi ya masabata asanu ndi yochepa kuposa imeneyo, ndipo ndi yofunika kuiwerengera chithandizo chisanayambe, pamodzi ndi woyang'anira benchi ndi wophikira ana.

Sikuti mayi aliyense wochitidwa opareshoni afunika kemo. Amene chotupa chake chinali chaching'ono, timwanabere tili toyera, ndipo khansa yake ndi yomvera mahomoni, nthawi zambiri mapiritsi okha amakwana: tamoxifen, kapena kwa amene anasiya kusamba, ena monga anastrozole. Amene anachotsedwa chotupa chokha bere n'kutsala, radiotherapy ndi yofunika pafupifupi nthawi zonse, chifukwa imachepetsa ndi theka chiopsezo choti matenda abwerere. Pali khansa ina yosamva mahomoni, imene tamoxifen saigwira, ndipo pamenepo kemo ndiye chida chachikulu. Pali inanso ya mtundu wa HER2, imene mankhwala ake ndi trastuzumab, odula ndi osapezeka wamba kuno. Zonsezi zili pa pepala la zotsatira za ku labu, ndipo mayi ali ndi ufulu wofunsa kuti pepala lake likuti chiyani: chotupa chinali chachikulu bwanji, ndi timwanabere tingati tinapezeka ndi khansa, ndi ya mtundu wanji, chithandizo akuchinenacho chikuchotsa chiopsezo chochuluka bwanji, ndipo ndikachikana chingachitike n'chiyani. Afunsenso kuti chiyamba liti, chifukwa kemo imafunika kuyamba m'masabata ochepa bala litapola, ndipo ikachedwa kupitirira miyezi itatu phindu lake limatsika. Amene ali pa ma ARV apitirize kumwa, ndipo amene akumwa zitsamba anene, chifukwa zina zimalimbana ndi mankhwala a khansa m'chiwindi.

Thupi ndi la mayiyo, ndipo atamva zonse ali ndi ufulu wokana. Koma akane pamaso pa adokotala, pamene pali njira zina zoti n'kukambirana. Ndipo tsiku lokamva zotsatira asapite ndi aliyense amene wapezeka kuti alibe chochita. Apite ndi munthu amene mawu ake amatseka nkhani pabanjapo, kaya ndi bambo a m'nyumba, kaya amalume, kaya mayi awo omubereka, ngakhale zitatanthauza kuwatumizira thiransipoti kumudzi. Amene adzafunse kuti "akudwala matenda kapena mankhwala" adzionere yekha pepala, amve yekha kuti tsitsi lidzathothoka ndipo lidzameranso, kuti sabata yoyamba ndi yowawa ndipo yachitatu munthu amadzuka.

Inu amene munasiya kale, kaya mwezi watha kaya chaka chatha, ndipo mukuchita manyazi kubwerera, tengani bukhu lanu la kuchipatala ndi mapepala onse, ngakhale ong'ambika, mupite ku kiliniki ya khansa. Auzeni tsiku limene munalandira komaliza ndi zonse zimene mwakhala mukumwa chisiyireni. Adzakuyezani n'kuona pamene muli. Ngati khansa yanu inali yomvera mahomoni, mapiritsi aja angathe kuyambidwa ngakhale papita miyezi yambiri chichitikireni opareshoni, ndipo amathandizabe.